A Khutchu ndi Dzina la Chakumwa Changa

Malemu a Khutchu, osakaniza zakumwa pabala ya kuseri kwa msika, anali ndi lamulo limodzi: chakumwa chimadzitcha chokha dzina. Ankakuyang'anitsitsa miyezi, mmene umakhalira pampando, mmene umanamira, kenako tsiku lina n'kungoti, "Lero ndi lanu." Ankathira jini kapena burande m'kachitini kachitsulo, ndimu, uchi, ayisi, n'kumakhutchumula pafupi ndi khutu atatsinzina ngati akupemphera. Ukangomeza, mawu oyamba kutuluka pakamwa pako ndiwo dzina. Ankalemba ndi choko pabolodi, ndipo apilo kunalibe.

Aphunzitsi ena opuma pantchito anameza chawo n'kufunsa kuti, "Wandimenya ndani?" Chilipo mpaka lero: wisiki, jinja ndi katsabola. Mayi wa pasaluni anati, "Amuna anga asamve." Chimenecho n'cha chinanazi, koma ochikonda ndi azibambo.

Zonsezi ine sizinkandikhudza. Chinandiwawa n'cha mlamu wanga wometa. Munthu woti pabalapo ndinachita kumukokera ndine, sanathe ndi miyezi iwiri yomwe. Anameza, ananyambita milomo, n'kuti, "Bwerezani." Dzina lokoma chonchi kutuluka m'kamwa mwa munthu wocheka anthu makutu! Bala yonse inangoti Bwerezani, Bwerezani. Ngakhale wofuna kubwereza Wandimenya Ndani ankapezeka wapatsidwa cha alamu.

"A Khutchu," ndinadandaula, "zaka zisanu ndi zinayi ndili pampando uwu. Mpando weniweniwu ukundidziwa kuposa mkazi wanga."

"Inu atelala simunapse."

"Ndine papaya ine?"

"Papaya amapsa msanga."

Ndinawasokera epuloni ya matumba atatu. Anavala, anathokoza, sabata yomweyo n'kutcha chakumwa cha wokonza njinga.

Koma ine ndinali nditakonzeka. Dzina langa linali Mkango Wadzuka. Ndinkaliyeserera popalasa makina, posamba, ngakhale pomwa tiyi: kumeza, "Mkango wadzuka!"

"Bambo a ana," anatero mkazi wanga, "mkango wake uti? Womwe uja unakwera patebulo dzana chifukwa cha mphemvu?"

Loweruka lina masana, a Khutchu anandiloza ndi supuni yawo yaitali. "Atelala, lero ndi lanu." Anathira ramu, ndimu, jinja, tsabola, ndi madontho atatu a m'kabotolo kopanda pepala. Anakhutchumula mpaka thukuta. Ine ndinaimirira, ndinakonza kolala, mkango uli pamilomo. Ndinameza.

Abale anga, simbi ya makala inatsika kukhosi kwanga ikusita.

"Madzi!"

Choko chinali chitayamba kale kulira pabolodi.

"Fufutani, a Khutchu! Ndimati mkango!"

"Bala yonse yamva madzi. Choko changa sichiyenda chafutambuyo."

Mlamu wanga anaseka mpaka anachita kumutulutsa panja kuti akapume.

Ndiye tangoganizani. Ndani amalowa m'bala kudzaitanitsa madzi? Kupatula ine, amene anachilawa ndi mlaliki wina yekha, amene anapatuka ndi ludzu dzuwa lili pamutu. A Khutchu anamufunsa mwaulemu kuti, "A pampopi kapena a atelala?" Iye poganiza kuti atelala ndi kampani, anasankha anga. Anatuluka akuimba, chipewa n'kuchiiwala pakauntala.

Komatu nditachizolowera, chinali chakumwa! Moto uja ukadutsa, kumatsala kukoma kwina kumene Bwerezani sadzakuona. Ndinawauza. A Khutchu anangoti, "Zaka zisanu ndi zinayi ndinkachiganizira chimenecho. Cha alamu anu ndinachiganizira ndikumanga chingwe cha nsapato."

Anatisiya chaka chatha, atangodwala masiku anayi. Sanalembe chilichonse, zonse zinali m'mutu. Mwana wamkazi wa mchemwali wawo, amene watenga bala, anachita kufunsa makasitomala. Bwerezani aliyense ankachidziwa. Changa ankachidziwa ndi iwo okha, ndipo za kabotolo kaja palibe akudziwa.

Masiku ano mayiyo amatakasa ndi supuni, mwakachetechete. Khutchukhutchu uja kulibe, ndipo munthu ukameza palibe amene amatchera khutu kuti amve zimene unene. Ndikati "Madzi," amanditungira pampopi n'kundipatsa ndi manja awiri.

Dzulo mlamu wanga anayang'ana tambula yanga, osaseka.

"Alamu, akukoma?"

"Asowa tsabola," ndinatero, ndipo ndinamwa onse.