Komfule wa kuseri kwa nyumba

Mukuona masamba aakulu aubweya adzaza kuseri kwa nyumbayi? Kale pamenepo panali mizere ya mpiru, anyezi ndi tomato. Tsono popeza mwabwera kudzapempha muzu wa komfule kuti mukabzale kwanu, adzukulu anga, khalani pansi kaye. Mwambi uja wa mlendo unayamba motere.

Panali munthu wina, Lifeyo, amene ankagwira ntchito ya m'maluwa ku Bulawayo. Kwawo ku Ntcheu ankabwerako kamodzi pa zaka zitatu. Ulendo wina anatulutsa kamuzu m'thumba la jekete n'kupatsa mkazi wake, Nasibeko.

"Zaka zitatu, abambo, mphatso yake muzu?"

"Si muzu wamba, mayi. Uyu ndi komfule. Masamba ake akawola ndi manyowa, nkhuku nazo zimadya."

"Nanga ukatikwana, umachoka?"

Lifeyo sankadziwa, chifukwa kwa bwana wake chomerachi chinkakhala m'mgolo. Koma munthu wovala jekete sanena kuti sindikudziwa.

"Ndi mlendo ameneyu. Angokhala ngati mame, dzuwa likatuluka wapita."

Anabzala pakati pa mpiru, iye n'kubwerera ku ntchito.

Atabweranso anapeza mlendo uja watenga mizere iwiri.

"Mame anu aja si awa," anatero Nasibeko. "Dzuwa latuluka kangati?"

Lifeyo anavula jekete, natenga khasu. Anakumba, nadula mizu ija tizidutswatizidutswa kuti ife msanga, kenaka n'kuimwaza m'dimba lonse kuti iwole. Sanadziwe kuti kachidutswa kalikonse kamaphuka. Mvula itagwa, kalata inamupeza ku Bulawayo: "Mlendo wanu wabereka. Ana ake sindinawerenge. Mpiru ndikugula kumsika ngati ndilibe manja."

Iye anayankha kuti adzathana nawo akadzabwereratu. Anati chaka chamawa. Chitafika, anatinso chamawa. Nasibeko ankazula yekha, akumusungira mwamuna wake kamzere kamodzi ka anyezi.

Lifeyo anabwereratu patapita zaka makumi awiri ndi zisanu. Anakhala ndi mkazi wake miyezi inayi yokha. Akudwala, Nasibeko ankayang'ana pazenera n'kumaseka.

"Abambo, munalondola mawu koma munaphonya mwini wake. Komfule uyo ndiye mwini mudzi. Alendo ndife."

Lifeyo uja ndine. Kamzere ka anyezi kanapita chaka chomwecho, ndipo khasu sindinaligwirenso pamenepo.

Muzu tengani, ndi wabwino ndithu. Koma mukaubzale m'mgolo, kapena kumalire kumene simudzafunako china. Ndipo iwe Tiyanjane, popeza dzanja lako n'labwino, ulembe nkhaniyi m'kope. Dzina la agogo ako ulilembe bwinobwino, Nasibeko. Pansi pake uikepo mawu amene anandisiyira: mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.