Mayi Lennah ndi Masamba a Mfumu ya ku Koreya

Amalawi tonse a ku Al Warqa, mu mzinda wa Dubai, tinkadziwa kuti Mayi Lennah sasesa masamba. Mbale ankatsuka, ana ankalera, magalasi ankapukuta mpaka ntchentche kuterereka. Koma tsamba likagwa pabwalo, ankalilambalala mwaulemu ngati apongozi.

Tinaonana koyamba m'basi, ndipo moni wawo unali wakuti, "Achemwali, munafikako kwa mfumu ya ku Koreya?" Nditati ayi, anandiyang'ana mwachisoni, n'kuyamba kufotokoza.

Mabwana awo anawatenga pa tchuthi ku Koreya kuti azikagwira mwana. Kumeneko anakaona nyumba yachifumu yamakedzana, ya madenga opindikira kumwamba ngati nyanga za njati, kuseri kwake kuli dziwe ndi munda wofiira psuu ndi masamba oyoyoka. Mayi Lennah anachita manyazi m'malo mwa mfumuyo. Alendo onsewa, pakhomo posasesa! Anabereka mwana kumbuyo, natola tsache lomwe linatsamira khoma. Ataunjika milu iwiri, alonda anafika chothamanga, nawalanda tsachelo uku akuwerama mwaulemu. Mmodzi anamwazanso miluyo ndi manja. Wotanthauzira anati khamu lonselo linadzera masamba omwewo.

Anabwerera ku Dubai atatembenuka mtima.

"Lennah, yalla, fulumira, bwaloli!" ankakalipa madamu awo, akuloza pansi pa mtengo wa nimu.

"Madamu, kwa mfumu sasesa."

"Kuno si kwa mfumu!"

"Zikuchita kuoneka, madamu."

Ife tinkawadandaulira. "Mayi, ntchito ikatha, viza yatheranso pomwepo. Zoona mubwerere ku Balaka chifukwa cha zinyalala?"

"Zinyalala n'zanuzo," ankayankha. "Ine ndasunga munda."

Kawiri konse sutikesi yawo inatulutsidwa pageti. Kawiri konse ana a m'nyumbamo analira mpaka inalowetsedwanso.

Anatisiya chaka chatha. Al Warqa yangoti zii tsopano, ndipo tikakumana timangokamba za kutentha.

Miyezi yawo yomaliza miyendo inatupa, moti ankaswera pampando pansi pa nimu uja. M'nyumbamo munabwera wantchito watsopano, Janeth, wakhama lake. M'mawa woyamba anagwira tsache n'kulunjika pabwalo. Madamu anatulukira osavala nsapato.

"Khalas! Siya! Ukufuna Lennah aziyang'ana chiyani, simenti?"

Mayi Lennah sanacheuke n'komwe.

"Madamuwa mutu ndi wouma," anatero motsitsa mawu, "koma aphunzira."