Tsache la Mayi Edith Laphwanya Simenti

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Mwalasugwedera,
Kulikonse kumene mukupezeka masiku ano.

Wolemekezeka Bwana,

Monire. Ine ndine Sylvester Msukwa, telala wa pakhonde pa kamsika kathu kuno ku Misuku, munthu wosayenera ngakhale kukupukutani nsapato. Ndati ndithokoze chifukwa cha bwalo la njerwa za simenti limene munatiyalira pamsikapa chaka chatha, komanso chifukwa cha kalata yanu ya Chingerezi imene yachotsetsa ntchito mayi akunyumba kwanga, a Edith, osesa pamsikapa. Mwati tsache lawo ndilo lawononga bwalo lanu.

Choyamba, mlandu tikuuvomera. A Edith ndi aukhondo woopsa, ndipo kwathu kuno mlendo akamabwera timasesa mpaka nthaka imve kuwawa. Atamva kuti mukubwera kudzadula riboni, anaona mchenga uli tho pakati pa njerwa, nati mafundi anu oyala njerwa ndi auve. Masiku atatu anagwada ndi sipoko ya njinga, kukolokosa mchengawo mzere ndi mzere. Inu mutafika mu suti yanu yoyera munayamikira ukhondowo pa chimkuzamawu, ife n'kuwaombera m'manja. Zoti mchengawo ndiwo umagwira njerwa kuti zisagwedere, tazimvera m'kalata yanu patatha miyezi khumi. Yewo chomene potiphunzitsa msanga!

Chachiwiri, tikuthokoza kuti simunativutitse ndi ngalande. Mvula ya ku Misuku ilibe manyazi, bwana. Madzi onse otsika m'phiri amalowa pansi pa njerwa zanu n'kubisala momwemo. Tsopano munthu akaponda njerwa kuno, matope amatumphukira uko. Lamulungu lapitali Abusa Edward anaponda imodzi, koma amene anasamba matopewo ndiwo Mayi Dinah ogulitsa nthochi, amene anali chikhalire mbali inayo. Mawu amene anatuluka m'kamwa mwa mayiwo sindingawalembe. Abusa akuwapemphererabe.

Chachitatu, pali chilole cha alamu anu chonyamula chimanga, chimene chimagona pabwalopa Lachisanu lililonse chili chodzaza, oyilo ali dontho dontho. Bwalo munati ndi la oyenda pansi, koma pamene chimaimapo pali maenje awiri amene abakha anawalanda kale. Kalata yanu siyikuchitchula konse, ndipo tamvetsa. Matayala ndi a mphira wofewa, pamene tsache ndi la udzu wolimba.

Chachinayi, m'mphepete mwa bwalo simunamange chotchinga, poti njerwa nazo zili ndi ufulu woyenda. Zikutsetsereka imodziimodzi. Ina tinaipeza kuchigayo, ndipo maonekedwe ake ikupita ku Karonga. M'malo mwake mwamera udzu, kotero mbuzi za pamsika zandituma kuti ndikupatseni moni.

Koma kunena zoona, bwana, mtima ukundiwawa. A Edith asesa pamsikapa zaka khumi ndi ziwiri popanda wowaloza chala. Lero akadutsa, anthu amanong'onezana kuti gireda yosalaza misewu ikudutsa. Manyazi awatsekera kunyumba, kumene akusesa kanayi pa tsiku. Pabwalo la nyumba yathu pakumbika, mizu ya mango ili pamtunda, nkhuku zasamukira kwa aneba. Dzulo ndinawapeza akuyang'anitsitsa ulusi wanga ndi nsalu za makasitomala, tsache lili m'manja. Ineyo pano ndimadya choimirira, kuopa kuti angandisese.

Tsono pempho langa ndi laling'ono, ndipo ndikulipereka chogwada. Abwezereni ntchito, pamodzi ndi wilibala imodzi ya mchenga, ndi munthu mmodzi woti awauze m'chiyankhulo chathu cha Chisukwa kuti mchengawo azisesera mkati osati kunja. Chingerezi kuno timachilemekeza kwambiri moti sitichigwira. Koma ngati mukulimbikirabe kuti tsache la udzu laphwanya simenti imene chilole cha alamu anu chalephera kuiphwanya, ndiye kuti m'nyumba mwanga muli makina oopsa kuposa anu onse. Alembeni ntchito a Edith akasalaze msewu wa ku Nthalire. Mafuta samwa, amangofuna tiyi.

Yankho lake mubwere nalo nokha, bwana, makamaka tsiku la mvula. Muvale suti yoyera ija, mudzaime pamene munadulira riboni paja. Mayi Dinah akuti akuidziwa bwino njerwa yoti adzaponde pokulonjerani.

Ine kapolo wanu wothokoza mosalekeza,

Sylvester Msukwa,
Telala, mwamuna wa gireda.