Mayi Anga Sanali Obiriwira

Usiku wathawu ndinalota zondipsetsa mtima, anzanga inu. Enelesi, siya kaye makina osokerawo. Nawe Dolika sendera kuno, diresi la mwiniwakelo silithawa.

Mukudziwa kale kuti Loweruka tikukavundukula chiliza cha mayi anga ku Ntcheu, ndipo abale anandipatsa ine ntchito ya chithunzi choika mufulemu. Chithunzi chabwino cha mayi chilipo chimodzi chokha, m'foni yangayi. Ali pa ukwati wa mng'ono wanga, avala duku lofiira, akuseka. Sabata yatha ndinakachitsukitsa kutauni, bambo wa pa situdiyo nkundipatsa mayi oyera mbee ngati ufa. Ati, "Tawayeretsako pang'ono kuti aoneke bwino." Aoneke bwino! Mayi anga, aNasibeko, anali akuda, kuda kosalala, ndipo sanapemphepo munthu kuti awayeretse. Tsiku lomwelo ndinauza amuna anga, bambo a Yamiko, kuti ndigula pulinta yangayanga ya inki yamitundu, zithunzi ndizitsuka ndekha kunyumba. Nkhani imeneyi ndi imene ndinagona nayo.

Ndiye m'malotomo ndili mu minibasi ya ku Limbe, dzuwa lili paliwombo, foni ili m'chikwama. Mwadzidzidzi foni ija inayamba kutsokomola. Kuitulutsa, yatupa mimba ngati chule, galasi lake lang'aluka pakati.

"Mwatitha," inanditchula dzina, "ine ndikufa. Atulutse mayi ako muno ndisanazime. Ndikazima, apita nane."

"Ufa bwanji iwe, poti ndakutchaja m'mawa?"

"Kutchaja si mankhwala a ukalamba. Fulumira."

Ndiye ndinakuwa kuti anditsitse, koma kondakitala kunalibe, dalaivala kunalibe, mipando yonse yasanduka mashelefu, minibasi yatalika mpaka kukhala sitolo yosaoneka mapeto. Pamashelefupo mapulinta ali tsatsatsa ngati nkhuku zofungatira mazira. Atangondiona anayamba kuyasamula zivindikiro, kundiitanira ngati mavenda a kaunjika.

"Asisi, kuno! Kuona ndi ulele!"

Yoyamba inali yaing'ono, yoyera, ya mawu otsekemera. "Tengani ine, asisi. Ndine wopepuka, mtengo wanga ndi woseketsa."

Ndinaionetsa chithunzi cha m'foni, ndiye inayamba bwinobwino, pepala likutuluka. Isanafike pena paliponse inaima.

"Ludzu," inatero.

"Ludzu la chiyani?"

"Inki, asisi." Inatsegula mimba, ndikuona timabokosi ta inki tating'ono ngati ta machesi. Ndinaimwetsa, inayenda pang'ono, nkuimanso.

"Yachikasu yatha."

"Ndiye gwiritsa zotsalazo!"

"Ayi, kwathu kuno ikatha imodzi tonse timanyanyala ntchito."

Ndinaigwedeza ndi manja awiri mpaka inalavula pepala. Anzanga inu, mayi anga anatuluka obiriwira ngati mpiru, nkhope yonse mizeremizere ngati mbidzi. Usaseke, Dolika.

"Chidakwa iwe," ndinaikalipira, "awa ndi mayi a ndani?"

"Munandikondera kutchipa, asisi. Ukakwatiwa ndi chidakwa usamadabwe ndi ludzu."

Ndiye kumbuyo kwanga kunamveka kutsokomola kwa ulemu. Chipulinta chachikulu, chotuwa, chodzaza shelefu yonse. "Mayi, zisiyeni zibwanazo. Ine sindimwa inki, ndimadya ufa wakuda. Ndagwirapo m'maofesi akuluakulu."

Sichinachedwe nkomwe. Phwa! Pepala lopyapyala lili pansi, mayi anga otuwa ngati phulusa, maso ali bii, ngati munthu amene apolisi akumufunafuna.

"Duku lawo lofiira lili kuti?"

"Zofiirafiira ndi za ana asukulu. Ine ndimadziwa zilembo."

"Ndiye unandiitanira chiyani?"

"Chizolowezi," chinatero, nkugona tulo.

Mwadzidzidzi magetsi a m'sitolo anaphethira, kutsogolo kwanga kwaima pulinta ina yonyezimira, ya timagetsi tabuluu, yolankhulira m'mphuno. "Madamu, ine sindimangotulutsa anthu. Ndimawakonza."

Ndisanayankhe inali itayamba kale. Pepala linatuluka lonyezimira ndithu, lolimba, lokongola. Koma papepalapo panali mzimayi wachizungu, mphuno yosongoka, makwinya onse afafanizidwa, kampata ka pakati pa mano ka mayi anga katsekedwa. Kampata kamene ine ndinatengera! Ndinavula patapata nkuyamba kuimenya pachivindikiro, pha! pha! pha! Iyo ikungolira, "Sole madamu, sole madamu," belu la sitolo likulira, mapulinta ena onse akuimba nthungululu.

Ndiye anatulukira mkulu wa sitolo, a Chipwaila, atavala suti yotuwa, dzina lawo lili pachifuwa. Ankayenda pang'onopang'ono, mwendo umodzi m'mwamba, kuganiza kaye, kenako nkuponda.

"Mayi, vuto ndi chiyani?"

"Ndikufuna pulinta yotulutsa mayi anga mmene analili. Basi. Ndi zovuta zimenezo?"

"Mmene analili," anabwereza, diso limodzi likuyang'ana ine, lina likuyang'ana chikwama changa. Atayandikira pepala lobiriwira lija suti yawo inabiriwira. Atatsamira chipulinta chotuwa, nkhope yawo inatuwa. Mchira unatuluka kumbuyo nkudzikulunga, ndipo ndinangoona kuti ndikulankhula ndi bilimankhwe wovala tayi.

"Khungu ndi maganizo chabe, mayi," anatero. "Taonani ine, m'mawa ndinali wina, pano ndine wina, koma ntchito sinandithere."

"Mayi anga sanali bilimankhwe!"

"Ndiye kadandauleni ku ofesi yoona za mitundu. Ili pamwamba."

Masitepe ake anali otsika, koma ndinakafikabe pamwamba. Foni m'manja mwanga inali ikutentha, ikupuma mwabefu. "Mwatitha, ndatsala pang'ono," inanong'ona. Muofesimo munakhala bwana wa jekete lakuda ndi kolala yoyera, akuyang'ana pawindo.

"Mayi anuwo anali a mtundu wanji?" anafunsa osanditembenukira.

"Angoni a ku Ntcheu."

"Sindikunena mtundu umenewo. Mtundu wa khungu."

"Akuda."

"Aaa, pepani. Mtundu umenewo unatha. Anthu sakuufunanso, ndiye tinasiya kuitanitsa. Tengani wa papaya wakupsa, ndi umene ukuyenda masiku ano."

Ndinamenya tebulo mpaka makapu anadumpha. "Inu bwana, mwadziyang'ana pagalasi lero? Ndinu akuda kuposa ine! Mtundu wanu womwe mukuti unatha?"

Anatembenuka, ndipo pamene panali pakamwa panali mulomo wautali. Jekete lija linali nthenga, kolala ija inali chimzere choyera cha pakhosi. Khwangwala weniweni. "Khwaa! Chonyezimira!" Anandilanda foni, nkuthawira pawindo.

Ndiye ndinamuthamangitsa, phazi limodzi lopanda patapata. Ndinadumpha pawindo, ndinaponda madenga a ku Ndirande, malata akulira pansi panga, ndinawoloka Shire ngati ngalande, ndikutukwana njira yonse. Mwadzidzidzi ndinapezeka ndili kumanda kwathu ku Ntcheu. Abale onse akhala pamikeka, amayi a mvano akuimba, chiliza chafunditsidwa nsalu yoyera. Khwangwala uja watera pamwamba pake, akujompha foni yanga.

Kutsogolo kunali mipando itatu, ndipo pamipandopo panakhala zithunzi zija, zitapinda miyendo ngati alendo olemekezeka.

"Mwana wanga, wafika?" anatero wobiriwira.

"Mwana wanga, wachedwa," anatero wotuwa.

"Halo, dalingi," anatero mzungu.

Amalume anga a Phalula, alongo awo a mayi, anaimirira atanyamula fulemu yopanda kanthu. "Mwatitha, anthu atopa, abusa akudikira. Sankha mmodzi tiike umu."

"Palibe mayi anga pamenepa, amalume."

"Tengani woyerayo," wina anakuwa kumbuyo. "Akuoneka wolemera. Alendo atilemekeza."

Ndipo anthu anavomera, Enelesi! Anthu a magazi anga anawomba m'manja! Apo ndinaiwala kuti ndili kumanda, ndinaiwala kuti pali abusa. Ndinakwera pa chulu nkuyamba kuwalalatira.

"Inu nonse mwakhala apa, ndani sanadyepo za m'manja mwa aNasibeko? Anapsa ndi dzuwa pamsewu akugulitsa tomato ndi kachewere kuti ana anu apite kusukulu. Inu amalume, mutadwala mwendo anakuberekani kumsana mpaka kuchipatala, msana wakuda womwewo. Nthawi imeneyo simunati ayere kaye. Lero agona, sangadziyankhire, ndiye mukufuna muwasinthanitse ndi mzungu wa papepala? Manyazi mulibe?"

Amalume anagwetsa nkhope. Nyimbo inaduka. Ndinavula patapata lotsala lija nkugenda khwangwala, linamupeza pakolala penipeni, nthenga zili balala. Foni inagwa, inagubuduzika, nkukaima patsinde pa mtengo wa msuku.

Ndiye pansi pa mtengowo panakhala pulinta ina, yojintcha, yosakongola, m'mbali mwake muli mabotolo anayi a inki oonekera mkati. Sinandiitanire nkomwe. Inandiyang'ana ngati ndaiponda chala.

"Ndiwe wakhala ukusokosa iwe?"

"Ndine. Nawenso uli ndi bodza lako?"

"Bodza ndilibe, koma mavuto ndili nawo. Ndine wolemera kunyamula. Ndimachedwa. Ukandisiya pakona osandigwiritsa ntchito ndimauma kukhosi, ndiye usadzandinene. Ndipo pepala la m'kope sindidya, ndimafuna lolimba, lonyezimira."

"Ndiwe wamwano."

"Nawenso. Usandikhulupirire pakamwa, ndiyese kaye. Bweretsa mayi akowo."

"Magetsi uwapeza kuti kumanda kuno?"

"Lowetsa chingwe m'chulumo, usandifunse zambiri."

Ndinalowetsa, chiswe chikundiluma zala, ndipo pulinta ija inadzuka. Foni inatsegula diso komaliza, inapereka chithunzi, nkuzima zii. Tsopano mayi anali m'mimba mwa chinthu chamwano chimenechi, kwina kulikonse kunalibe.

"Inki yakuda ikwana?" ndinafunsa. "Akuti mtundu umenewo unatha."

"Anakuuza ndani kuti munthu amapangidwa ndi yakuda yokha? Amenewo ndi makala. Pankhope ya mayi ako pali kufiira, pali chikasu, pali kabuluu pang'ono m'mbali mwa tsaya. Ndikhale chete ndigwire ntchito, kapena tizicheza?"

Ndiye inayamba. Shwe, shwe. Shwe, shwe. Kanthu kena kakuyenda uku ndi uku m'kati mwake, pepala likutuluka pang'onopang'ono ngati mwana wobadwa. Abale onse anadzuka pamikeka nkundizungulira. Zithunzi zitatu zija zinatsika pamipando mwakachetechete, mphepo nkuzitenga.

Linayamba kutuluka duku. Lofiira, kufiira kwake komwe kuja, mpaka kamfundo kamene ankamangira kumanzere. Shwe, shwe. Kenako chipumi. Anzanga inu, chipumi cha mayi anga, chakuda, chosalala, chowala pang'ono ndi mafuta amene ndinawadzoza ndekha tsiku la ukwatilo. Amalume anagwira pakamwa. "Mlongo wanga," ananong'ona. Ine mkwiyo wonse uja unasungunuka nkukhala misozi, ndikugwada pafumbi, manja ndatchera kuti pepala lisakhudze pansi.

"Fulumira pang'ono," ndinaipempha.

"Ndinakuuza kuti ndimachedwa."

Shwe, shwe. Nsidze zinatuluka. Shwe, shwe. Zikope zinayamba kuoneka, ndipo ndinadziwa kuti mzere wotsatirawo mayi andiyang'ana. Chichokereni sanandiyang'anepo, ngakhale kumaloto. Ndinasendeza nkhope pafupi, ndinasiya kupuma.

Shwe, shwe. Shwe, shwe.

Kutsegula maso, kunja kwayera, ndili pabedi, manja ndatchera m'mwamba. Shwe, shwe, pakhonde. Bambo a Yamiko akupolisha nsapato za kuntchito ndi bulashi, akuimba kamluzu.

Ndinatuluka ndi chitenje chokha. "Inu bambo a Yamiko! Simukanadikira kuti maso atuluke?"

Anandiyang'ana, anayang'ana nsapato, nkufunsa mwaulemu kuti, "Maso a ndani, mayi a Yamiko?"

Ndiye anapitiriza. Shwe, shwe.