Ba Kapembwa ndi Malaya Achitsulo

Ku Kalingalinga konse kunalibe munthu wouma mutu pa nkhani ya malaya achitsulo ngati ba Kapembwa. Ntchito yawo inali yowotcherera mageti, koma Loweruka masana ankatseka shopu n'kuyendetsa masewera a nthano, aja oti aliyense amakhala ndi munthu wake wongopeka, wolembedwa pa fomu ya pafoni pamodzi ndi zovala ndi zida zake. Fomuyo anaikonza okha, n'kuikamo lamulo lankhanza. Wamatsenga akangovala chitsulo, mabatani ake onse a matsenga ankafiira n'kukana kudinika.

Anazunzika nalo ndi Mukuka, kondakitala wa minibasi, amene analera wamatsenga wake zaka ziwiri zathunthu. Tsiku lina m'masewerawo gulu lawo linakumana ndi chinjoka, wamatsengayo atafooka ngati nkhuku ya chitopa. Mukuka anamuveka chitsulo mwakachetechete, n'kudina batani la mphezi. Foni inangoti psuu.

Mukuka anachonderera ba Kapembwa mpaka kutchula ana ake. Luse, wosewera mnzake amene anali atangobwera kumene kuchokera kunja, anaikira umboni kuti kumeneko oyendetsa masewera amalekerera zoterezi. Ba Kapembwa ananyamuka. Anapita kuseri, n'kubwera ndi zidutswa ziwiri za geti zomangidwa ndi waya, n'kumukoleka Mukuka m'khosi, anthu akuona.

"Manje imikani manja, ba mfiti. Ponyani mphezi tione."

Manja anakanira m'mapewa.

"Ba Kapembwa, ni gemu chabe."

"Na geti ni geti chabe. Siyako mpata uone."

Wamatsenga uja anafa pomwepo. Tangoganizani, zaka ziwiri kuthera m'kamwa mwa chinjoka chifukwa cha batani limodzi. Mwezi wonse Mukuka ankawapitirira ba Kapembwa pa siteji, mvula ikuwakhuthukira, akukuwa kuti basi yadzaza pamene mipando inali mbee.

Kenaka BP inawatenga ba Kapembwa mu Juni, osatsanzika n'komwe, anthu asanamalize kuwakwiyira. Luse anatenga fomu n'kuchotsa lamulolo tsiku loyamba. Masiku ano aliyense amavala chitsulo mpaka m'makutu akuponya moto, chinjoka chimafa tiyi asanazizire, ndipo anthu amabalalika dzuwa likadali pamutu.

Mukuka anapambana masabata atatu otsatizana, sabata lachinayi sanaoneke. Luse atamupeza pa siteji n'kumufunsa, iye anayang'ana kumbali, akumenya chitseko cha basi kuti inyamuke.

"Nibwerere chani? Kulibe wokangana naye."