Pikapu ya Che Binali ndi Chulu Changa

Che Binali ndawadziwa zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo pa zaka zonsezo sindinawaonepo akulowa pagalaja kapena kugula chitsulo chatsopano cha galimoto. Pikapu yawo ankaikonza okha. Ndikuti ankaikonza chifukwa ndi mmene eni ake ankanenera. Ife oyandikana nawo nyumba tinkangoona munthu akuchotsa matenda pamalo ena n'kukawaika pamalo ena.

Ndikulemba izi chifukwa pamaliro pawo anthu ananama kwambiri. Wina anachita kunena kuti malemuwa anali makaniko woposa onse m'boma la Salima. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4, koma bodza ndimalidziwa. Munthu akamwalira sasanduka makaniko. Che Binali anali munthu wabwino. Ankanyamula amayi a geni ya nsomba kuchokera kudoko lathu kuno kumunsi kwa Maganga kupita nawo kumsika wa kuboma, ndipo sanasiyepo munthu panjira. Koma galimoto ija inkayenda chifukwa Mulungu ndi wachifundo.

Chiphunzitso chawo chinali chimodzi. Ankandiuza kuti, "Bambo a Nancy, amene anapanga galimotoyi anaikamo zinthu zambiri zongowonjezera. Chimene chasowa kutsogolo, kumbuyo chiliko." Waya wa nyali ukaduka, ankadula wa mawaipa n'kulumikiza. Mvula ikagwa, mawaipa ankawamanga ndi twayini wa ukonde, ndipo amene wakhala kutsogolo ndiye ankakoka, uku ndi uku, mpaka kuboma. Chitseko chinkatsekedwa ndi malegeni. Thanki ya petulo ikadontha ankaimata ndi sopo, mpaka akazi awo, Abiti Salimu, anayamba kubisa sopo wochapira m'thumba la mpunga. Ndipo nthawi iliyonse akamasula chinthu n'kuchimanganso, pankatsala kabauti kapena kasipuling'i pamkeka. Sankadandaula. Ankakaponya m'chidebe chakale cha penti n'kunena kuti, "Mwaona? Yapepukanso."

Chaka china nkhuku za Abiti Salimu zinasiya kuswa anapiye. Mazira ankasowa m'khola. Mayiwo anati ndi ng'azi, ndipo anandipempha kuti nditchere msampha, poti amuna awo analibe nthawi. Ndinatchera mwezi wathunthu osagwira kanthu. Tsiku lina ndinawapeza Che Binali atatsegula boneti, akuswera dzira m'redieta.

"Che Binali, n'chiyani chimenechi?"

"Ikudontha. Dzira likapsa m'katimo limatseka bowo."

"Ndiye ng'azi ija ndinu?"

"Achimwene, musafuule. Ng'azi nayonso imadya, sikuti ndikuinamizira zonse."

Ine sindibisa zinthu. Ndinakawauza Abiti Salimu madzulo omwewo. Che Binali sanandikwiyire. Anangoti mayiwo akanayenera kunyadira, chifukwa nkhuku zawo ndi zokhazo m'mudzi muno zimene zinali ndi gawo pa bizinesi ya mtengatenga.

Tsopano ndinene za chulu, chifukwa mlandu wanga ndi iwo unali umenewo.

Kwathu kuno n'kwathyathyathya, mchenga wokhawokha. Pamalo okwera m'dera lathu lonse ndi chulu chachikulu chimene chili kuseri kwa nyumba yanga. Dothi la pachulu ndi limene limaumba njerwa zolimba, ndipo ine ndinali nditalonjeza mkazi wanga Gladys kuti tichoka m'nyumba ya mdindo, timange ya njerwa zootcha. Chikombole ndinali nditakhoma kale.

M'mawa wina Che Binali anafika, kofia ili m'manja.

"Achimwene, ndibwerekeni chulu."

"Chulu amabwereka?"

"Masiku ochepa okha. Sitata yatopa, galimoto sikulira ndi kiyi. Kukankha mumchengamu anthu akukana. Ndikaimika pamwamba apo, m'mawa ndizingochotsa chipika, iziyamba yokha kutsetsereka, ine n'kusiya kilachi, basi yalira."

"Chulu chimenecho ndikuumbira njerwa chilimwe chino."

"Lachisanu, tikangotuluka mu Juma kumzikiti, sitata ndikonza. Inshaallah."

Nthawi imeneyo mwana wathu Nancy anali kumsana. Lero Nancy ali ndi ana ake a kusukulu.

Sindinganene kuti sankayesa, lingakhale bodza. Lachisanu akachoka kumzikiti ankavula mkanjo, n'kukwawira pansi pa galimoto, n'kutuluka ndi sitata ija. Ankaiphwasula pamkeka, kuiuzira, kuitsuka ndi petulo, kuilankhula mawu abwino, n'kuimanganso. Kasipuling'i kotsala kankapita m'chidebe. Akayesa, sitata inkangoti kha, basi. Iwo n'kupukuta manja, n'kundikuwira: "Lero yakana. Lachisanu!"

Gladys ndiye ankavutika mtima. Chilimwe chilichonse akaona anzake akuwotcha uvuni ankandiyang'ana.

"Bambo a Nancy, chulu chija munagulitsa?"

"Ndinabwereka."

"Anthu amabwereka nkhwangwa. Inu munakwatitsa."

Chowawa kwambiri chinali chakuti galimoto ikafika pansi osalira, inkayenera kubwerera pamwamba. Oikankha kukwera chulu tinali ife eni chulu. Gladys ankakankha akunyoza, Abiti Salimu akupepesa, Che Binali ali pachiwongolero akutilimbikitsa kuti, "Pang'ono pokha, yatsala pang'ono kufuna."

Pali nkhani ina imene anthu amaikamba molakwika, ndiye ndiikonze. Akuti ndinathamanga wamaliseche mpaka kudoko. Sindinathamange. Chinachitika n'chakuti bafa yanga ya udzu inali kumunsi kwa chulu, pamene njira imakhota. Dzulo lake Che Binali anali atabwereka nati ya kumabuleki kuti amangire paipi ya utsi. M'mawa ine ndili m'bafa, sopo ali m'maso, ndinamva chiphokoso. Nditatsegula diso limodzi, mpanda wonse wa bafa unali paboneti, ukupita. Ine ndinatsala nditaima pamwala wosambira, beseni lili m'manja, ndipo kumbuyo kwa pikapu kunali amayi a geni odzaza, ena a mumpingo mwanga momwe, mmene ine ndili mkulu wa mpingo.

Palibe anaseka. Mayi wina anangoti, "Mwadzuka bwanji, bambo a Nancy?" Ine ndinayankha kuti ndadzuka bwino, kaya iwo. Che Binali anatulutsa mutu pawindo, udzu uli m'khosi, n'kunena kuti, "Koma yalira, achimwene."

Madzulo anabwera ndi nsungwi ndi udzu, n'kundimangira bafa ina. Anaimanga chakumanzere, kutali ndi njira. Anati yoyamba ija inamangidwa molakwika.

Tsiku limenelo ndinawauza kuti achotse galimoto yawo. Anavomera. Anati Lachisanu.

Mwina mufunsa chifukwa chimene sindinaikankhire ndekha kumchenga. Ndinaganizapo kangapo. Koma galimoto ija ikapanda kulira, usipa wa amayi aja unkawolera padoko. Yopititsa odwala a m'mudzi muno kuchipatala inali yomweyo, ndipo Che Binali akafika kumeneko sankazimitsa injini, poti kuboma kulibe chulu. Ankadikira ili chilirire mpaka wodwala atagonekedwa. Ndiye ine ndinkati ndidikire chilimwe chinacho.

Kenako kunabwera dzinja lija madzi a kudambo anakumana ndi a kunyanja pakati pa mudzi. Tinadzuka madzi ali m'akakolo, pofika masana ali m'mawondo. Aliyense anathawira kumene akanatha. Ife mabanja awiri tinakwera pachulu n'kukhala m'pikapu, pamodzi ndi nkhuku, mbuzi yanga ndi matumba a mpunga. Mvula inkagwa, ife titafunda lona lonunkha nsomba. Tili pompo tinaona khoma la nyumba yanga likufewa, likupendekeka, kenako linakhala pansi ngati munthu wotopa. Denga linatsatira.

Che Binali anafuna kutiseketsa, monga mwa khalidwe lawo. Anauza Gladys kuti, "Mwaona, alamu? Mukanakumba chuluchi n'kuumba njerwa, bwenzi lero tili kuti?"

Gladys sanakweze mawu. Anati, "Bwenzi tili m'nyumba ya njerwa."

Che Binali anatembenuka. Anayang'ana pamene panali nyumba yanga, n'kuvula kofia, n'kuivalanso. Tinakhala pachulupo mpaka madzi kuphwera.

Ife tinasamukira m'kakhitchini kathu, komwe kanapulumuka. Nthawi imeneyo Che Binali anali atayamba kale kudwala. Miyendo inkatupa, akayenda pang'ono ankapuma. Abiti Salimu ankawaletsa kukwawa pansi pa galimoto, koma sanamve. Anachotsa sitata ija, ndipo ulendo uno sanadikire Lachisanu. Anakhala nayo pamkeka pansi pa mtengo wa mango tsiku ndi tsiku.

Tsiku lina ndinawapeza atakhuthula chidebe chija cha penti. Mabauti, manati, mawashala ndi tisipuling'i ta zaka zonsezo zinali mbwee pamkeka, iwo akusankha ngati mayi akusankha mpunga.

"Mukufuna chiyani mmenemo?"

"Achimwene, ndazindikira chinthu. Sitatayi m'kati mwake mulibe kanthu. Zonse zili muno."

"Si munkati n'zowonjezera?"

"Zina mwa izo zinali zowonjezera."

Mpaka pamenepo ndi pamene Che Binali anafika pa kuvomera kulakwa, ndipo ine sindinawakakamize kupitirira. Ankatola kachitsulo kamodzi, kukayesa, kukabweza, kutola kena. Makala a m'kati amene anali atatha anawasema kuchokera m'mabatire akale a tochi. Waya wokhuthala unasowa, ndiye anadula wa hutala. Hutala imeneyo ankaikonda kuposa chinthu china chilichonse pagalimotopo, ndiyo ankaitanira amayi a geni ndi kulonjera aliyense m'njira. Ndinawafunsa kuti aziliza chiyani. Anati pakamwa ali napo.

Linali Lachisanu, anthu atangotuluka mu Juma. Anabwera ndi mkanjo wawo woyera, osauvula, n'kutiitana ine ndi Gladys. Anakwera chulu pang'onopang'ono, akupuma panjira. Chipika anachisiya pansi pa tayala kuti tonse tione kuti palibe chinyengo. Anakhala pachiwongolero, ananena Bisimillah, n'kupotokola kiyi.

Inalira. Ili chiimire pamwamba pa chulu, popanda woikankha, inalira. Abiti Salimu anakhala pansi pomwepo n'kudziphimba kumaso ndi mpango.

Ndinachotsa chipika ndi manja anga. Anatsika bwinobwino, n'kukaimika pabwalo pawo pamchenga, n'kuzimitsa. Kenako anailizanso, kuti Gladys amve bwino. Atatuluka anandigwira dzanja.

"Chulu chanu icho, achimwene. Pepani, ndachedwa pang'ono."

"Mwachedwa kwambiri."

"Nkhuni zowotchera uvuni ndidzakututirani ndine. Musafune galimoto ina."

Sanafike pa nkhunizo. Anamwalira anthu akumweta mpunga kudambo. Amuna amene ankakankha galimoto yawo ikazima panjira zaka zonsezi ndi amene ananyamula jeneza, chithatha cha maliro, ine ndikutsatira pambuyo. Wina anandinong'oneza kuti aka n'koyamba Che Binali kunyamuka osavuta. Ndinamudzudzula kuti pamaliro saseka, koma zinali zoona.

Masiku ano m'mawa kuno kumacha mwakachetechete. Palibe amene amakuwa kuti tibwere tidzakankhe. Amayi a geni amamanga madengu awo panjinga za kabaza, ndipo amafika kumsika nsomba zitafota. Nkhuku za Abiti Salimu zaswa mpaka zikusowetsa mtendere. Pikapu ili pabwalo pomwe anaisiya. Anyamata ena a kugalaja anabwera kudzaiona kuti mwina aigule, koma atatsegula boneti anayang'anamo nthawi yaitali, n'kutseka mwaulemu, n'kupita.

Njerwa tayamba kuumba. Tikukumba chakumbuyo kwa chulu. Mbali ya kutsogolo, kumene kuli mizere iwiri ya matayala, sitinaikhudze. Ine sindinalamule zimenezo. Ndinamva Gladys akuuza oumba njerwa kuti dothi la mbali imeneyo ndi loipa. Si loipa, ndi labwino kuposa lakumbuyo, koma ulendo uno sindinamutsutse.

Ndiye amene akufuna choona cha Che Binali ndi ichi. Sanali makaniko. Anati sitata adzakonza Lachisanu akatuluka mu Juma, ndipo anaikonza Lachisanu atatuluka mu Juma. Nkhuni zokha ndi zimene zatsala. Uvuni tiwotcha ndi nkhuni zobwera pangolo, koma lonjezolo sindinalifute. Sindikudziwa ngati kumene tikupitako Asilamu ndi Akhristu amayandikana nyumba monga kuno. Ngati amayandikana, ndikawafunsa.