Minofu ya Ana a Eni Ake

Lolemba

Ahedi andisenzetsa ntchito ziwiri. Yoyamba: Sitandade 6 iphunzire minofu ikuluikulu ya m'thupi. Yachiwiri: ana omwewo akagube Loweruka pa Benga, kukubwera nduna. A tcheyamani a chipani anenetsa kuti sukulu ikachititsa manyazi, dzina la mphunzitsi lipita ku boma. Mphunzitsi wake ndine. Ntchito ndangoiyamba kumene, mkazi wanga ali ndi pakati.

Koma nzeru ndili nazo! Buku ndi limodzi, chithunzi cha munthu chiswe chinadya kuyambira m'chiuno. Ndiye mwana aliyense akhale buku payekha. Mnofu ukakupweteka suuiwala. Pofika Loweruka adzakhala atalimba ngati asilikali.

Dongosolo:
– lero ntchafu
– mawa akatumba a m'manja
– kenako pamimba, msana, mapewa

Tikudumpha ngati achule kuzungulira bwalo, mumchenga. Inenso ndili momwemo, aone chitsanzo. Ana akuseka, akuti tibwereze. Tibwereza!

Lachiwiri

Mayo ine! Kuti ndidzuke pamphasa mpaka mkazi wanga achite kundikoka. Za kuchimbudzi sindilemba.

Ana akulowa m'kalasi atatang'adza miyendo ngati abakha. Ndifunsa pamene pali mnofu wa ntchafu. Onse aloza, palibe wophonya. Njira yanga ikugwira!

Masana atulukira Che Saidi, bambo ake a Asiyatu, nkhope yosaseka. Akuti mwana wawapatsa madzi ali chiimire, alendo akuona. "Aphunzitsi, kugwada mwaletsa ndinu?" Ndiwafotokozera za sayansi. Achoka osatsanzika.

Manja tachitabe. Chafufumimba, kudzikankha pansi mpaka kunjenjemera.

Lachitatu

Madandaulo afika ndisanasukusule:
– atsikana akulephera kukweza munsi, makomo ena agona opanda kondowole
– Yusufu nkhafi yamupulumuka panyanja, atate ake achita kuisambira
– wina akuti mwana wake ndamulodza

Ine choko chikundilemera. Ndikulemba m'munsi mwa bolodi mokha, ana akumbuyo azisuzumira.

Lero pamimba. Pang'ono pokha, ndithudi.

Lachinayi

Kuyeserera kuguba. A tcheyamani abwera ndi anyamata awo a malaya ofiira. Ng'oma ilira. Ana akukoka miyendo, manja ali lende. Wina akaseka mnzake, agwira pamimba n'kuyamba kulira. Nyimbo ikutuluka ngati ya pamaliro.

A tcheyamani andiyang'ana nthawi yaitali. "Aphunzitsi, ana a boma mwawapundula dala? Wakutumani ndani?"

Funso limeneli masiku ano lilibe yankho labwino. Ndikuopa, ndisaname. Mkazi wanga sindikumuuza, koma wamva kale kuchitsime. Akungopinda zovala, osandiyankhula.

Lachisanu

Palibe masewera. Msana ndi mapewa zidikire. Ana ndawagoneka pansi pa mango, ndikuwauza kuti akathowe ndi madzi otentha. Akundimvetsa chisoni, ana abwinobwino a eni ake.

Anthu atatuluka mumzikiti, uthenga wa a shehe undipeza: anyamata anga akuwerama pa swala ngati nkhalamba. Wina wakanika kudzuka, anzake achita kumuutsa, mzere wonse phwiti kuseka. Akuti ndikaonane nawo a shehewo. Miyendo ikukana, mtima nawonso.

Asiyatu poweruka: "Musadandaule aphunzitsi, mawa tingolimba."

Loweruka

Pa Benga kuyambira m'mamawa, dzuwa likuswa mtengo. Nduna ifika masana. Ana anga ayamba kuguba. Akuyesetsa, Mulungu ndi mboni, milomo ataluma, koma kutsimphina sikubisika. Nduna inong'oneza a tcheyamani. A tcheyamani atembenuka, maso akufuna ine. Basi, kwanga kwatha.

Kenako ndiona Che Saidi akutuluka m'gulu, n'kunjuta. "Pepani bwana, olakwa ndife makolo. Sabata yonse anawa akhala akuwokera mpunga, poti boma likuti tilime."

Amayi kumbuyo: "Eee, ndi mpunga umenewo!"

A shehe akuyang'ana mitambo, sakutsutsa. Nduna iwomba m'manja, iyamikira sukulu ya ana olimbika pa ulimi. A tcheyamani nawonso awomba. Nanga akanatani?

Ine misozi. Ndikunamizira thukuta.

Lamulungu

Che Saidi abwera ndi makolo ena. Ndiyamba kuthokoza, andidula pakamwa. "Zikomo wanuyo musunge. Ana athu asadzadumphenso ngati achule, mwamva?" Ndamva.

Akuchoka iwo, akulowa ahedi. Masewera apatsa mphunzitsi wina. Ndipo poti nduna yayamikira ulimi wathu, a tcheyamani akufuna munda wa mpunga wa sukulu, nduna ikadzabweranso idzauone. Munda woti kulibe! Dambo apereka kale, kuseri kwa tchalitchi, matope ofika m'maondo. Woyang'anira ndine, ndi Sitandade 6 yanga. Ine wa kumapiri, mpunga ndimaudziwa uli m'mbale.

Chabwino. Dzina silinapite ku boma, ntchito ilipo, mkazi wanga wayambanso kundiyankhula. Msana ndi mapewa sindinaphunzitse. Zikhale choncho, mpunga ukatiphunzitsa tonse mawa.